Makina a Ba Judith M'shedi ya Zitsulo

Ba Judith Miti anapeta nsalu pamakina zaka zoposa khumi asanajambulepo chinthu chawochawo. Kwawo kunali ku Katete. Anabwera ku Lusaka ali mtsikana, atangokwatiwa ndi Ba Josiah, amene ankanyamula matumba m'nyumba yosungiramo feteleza kufupi ndi njanji. Anapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Kalingalinga, ya zidina zosawotcha, malata ake otsindikira ndi miyala. M'menemo ndi mmene anabadwira Anna, mwana wawo mmodzi yekha amene anakula.

Ntchito anaipeza kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi. Inali fakitale yosoka mayunifomu a ana asukulu ndi a alonda, kuseri kwa tauni. Poyamba ankadula timaulusi totsalira pa malaya osokedwa kale. Kapitawo ataona kuti manja awo sanjenjemera, anawakhazika pa makina opetera mabaji.

Makinawo sanali ngati a telala wamba. Analibe kaphazi kopondereza nsalu. Nsaluyo ankaikunga mumkombero wathabwa mpaka izilira ngati ng'oma ukaigogoda ndi chala, ndipo manja awiri ndiwo ankayendetsa mkomberowo pansi pa singano. Singano inkapita uku ndi uku mwaliwiro. Pansi pa tebulo panali chitsulo chokankha ndi bondo. Ukachikankha kwambiri msoko unkatambasuka, ukabweza bondo unkaonda mpaka kufanana ndi mzere wa pensulo. Anthu ambiri amene ankayesedwa pamakinawo manja ankawadziwa msanga, koma bondo linkawakanika. Ba Judith bondo linawamvera mwezi woyamba womwewo.

Zojambula zinkachokera ku ofesi zitadindidwa kale pansalu. Ntchito yawo inali kutsata mizere ndi kudzaza mitundu: zishango, miuni yoyaka, mabuku otsegula, mikango yoimirira ndi miyendo yakumbuyo. Ankatha kupeta chishango uku akucheza ndi mnzawo wa pamakina ena. Sanafunsepo kuti amene amajambula zinthuzo ndani.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zinthu zinayamba kusowa. Anthu ankalawirira kukafola mizere ya ufa, sopo ndi mafuta ophikira. Kufakitale, ulusi wopetera, umene unkachokera kunja, unkabwera mwa apo ndi apo, ndipo masabata ena antchito ankauzidwa kuti akhale kunyumba. Kenaka mabelo a salaula, zovala zakale zochokera kumaiko akutali, anadzaza misika yonse. Kholo linkagula malaya oyera ndi kabudula wotuwa pamulu wa salaula, mwana n'kupita nazo kusukulu. Fakitale inatseka mu 1993. Eni ake anati alibe chowapatsa antchito, koma aliyense amene wakhalitsa atenge makina amene amagwiritsa ntchito.

Makina a Ba Judith anafika ku Kalingalinga pa kalole kobwereka, ndipo anansi anathandizana kuwalowetsa m'nyumba. Nyumbayo inalibe magetsi, monga zonse za mumzere wawo. Ba Judith anawafunditsa chitenje, pamwamba pake n'kumaikapo mbale. Iwo anayamba kukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa m'mphepete mwa msewu.

Chaka chomwecho Ba Josiah nawo anachotsedwa ntchito. Anayenda miyezi ingapo akufunafuna ina, kenaka anasiya.

"Amake Anna, tiyeni tizipita kumudzi," anatero tsiku lina akudya. "Munda wa amalume ungogona. Kuno tikudikira chiyani?"

"Kumudzi kwake kuti? Kwanu?"

"Kwathu, inde."

"Kwanu ine ndikakhala mtengwa, wopempha ndi khasu lomwe. Nanga Anna sukulu aisiye panjira?"

"Ndiye tigulitse makinawo tipeze poyambira. Angokhala ngati kabati."

"Makina sindigulitsa, a Miti."

Nkhaniyi anaikambirana chilimwe chonse, mosakweza mawu. Mvula itayandikira, Ba Josiah anamanga katundu wawo, nakweza njinga padenga la basi, napita ku Katete okha. Sanasudzulane. Anagwirizana kuti mwamuna azilima, akakolola azibwera ndi chimanga ndi mtedza, ndipo mkazi atsale ndi mwana m'tauni.

Pamsewu waukulu wodutsa m'mphepete mwa Kalingalinga panali patayamba kuchuluka anthu owotcherera zitsulo, ambiri mwa iwo ochotsedwa ntchito. Ankapanga mageti, mafelemu a zitseko ndi zitsulo zotchinga m'mawindo. Umbava unali utakula, choncho zimenezi anthu a kumayadi sanasiye kugula ngakhale zinthu zinavuta. Mmodzi wa owotchererawo anali Ba Nkole, Mbemba amene kale ankagwira ntchito kumigodi. Ankagula zitumbuwa kwa Ba Judith m'mawa uliwonse, ndipo popeza Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pachimbuya, ubale wonyozana mwanthabwala, sankachoka asanawanyoze kuti ndi odya mbewa. Shedi yake inali ndi magetsi.

"Ba Nkole, nili na mashini kunyumba, koma malaiti nilibe," anatero Ba Judith tsiku lina, m'Chinyanja cha m'tauni. "Munganipaseko kakona mu shedi yanu?"

"Mashini ya chani? Yogayila mbeba?"

"Yopeta maluwa pa nsalu."

"Pano pali moto, bamake Anna. Nsalu na moto sivimvelana."

"Muzanichingila na malata."

Ba Nkole anaganiza mpaka chitumbuwa chitatha, ndipo anavomera, bola azithandizana kulipira magetsi. Anatchinga kona imodzi ndi malata akale, nabowola kawindo koti kuwala kuzilowa. Vuto linaoneka tsiku loyamba. Ba Nkole akayamba kuwotcherera, mphamvu ya magetsi inkatsika, mota ya makina n'kumabuula, msoko n'kumatuluka wokhotakhota. Choncho anagawana nthawi. Ba Judith ankapeta pamene Ba Nkole akudula zitsulo, kupinda kapena kupaka penti. Akafuna kuwotcherera ankamenya lata ndi nyundo, Ba Judith n'kuchotsa phazi pachopondera cha makina.

Ntchito zoyamba zinali zomwe ankazidziwa kale: mabaji a masukulu ang'onoang'ono, mayina a makwaya pa malaya, mtanda pa nsalu ya paguwa. Zinkabwera mwapatalipatali, moti zitumbuwa sanasiye kukazinga.

Amene anabweretsa ntchito yachilendo anali Ba Sampa, mayi wosoka madiresi pamsika wa Mtendere. Salaula inali itamulanda makasitomala pafupifupi onse. Okhawo amene ankasoketsabe anali azimayi a maphwando olangiza mkwatibwi, amene m'tauni amati kicheni pate, chifukwa pamwambowo akomiti amavala zofanana, ndipo pamulu wa salaula supeza madiresi ofanana. Ba Sampa anafika ndi nsalu yobiriwira, yopepuka, yopanda maluwa.

"Kuli mayi wina ku Kabulonga, Ba Kasoma, mwana wao akwatiwa," anatero. "Bakomiti bafuna siketi ya chitenge na bulauzi ya nsalu iyi. Koma pa bulauzi bafuna vopeta, monga vija bavala bazimai ba ku Senegal, kuchoka pakhosi kufika pachifuwa."

"Pikicha muli nayo?"

"Nilibe. Si ndimwe bopeta? Jambulani chabe."

Ba Judith anavomera chifukwa sakanatha kukana. Atatenga pensulo anapeza kuti sakudziwa poyambira. Dzanja likayenda lokha, chimene chinkatuluka chinali chishango. Anachifewetsa m'makona, naika duwa pakati ndi masamba m'mbali, nachipeta pa chidutswa cha nsalu ija mmene ankachitira kufakitale, podzaza ulusi paliponse. Ulusiwo unali wa mtundu umodzi, wagolide. Ba Sampa anaugula kwa azimayi okwera basi kukaoda katundu ku Zimbabwe, ndipo sunali wambiri. Kufakitale pansi pa baji ankayala kansalu kolimba kogwiriziza msoko, koma kameneka sikankapezekanso. Atachotsa chidutswacho mumkombero, nsalu inakwinyika mozungulira chishangocho ngati nkhope ya munthu wolawa bwemba. Anaisita, koma sinawongoke kwenikweni.

Ba Sampa anapita nacho ku Kabulonga, nabwerako madzulo ake.

"Bakana. Ba Kasoma bati, 'Nanga tiyenda ku sukulu?' Batinso yalema, ikoka nsalu. Bamake Anna, kotoni yasila bwanji so? Mukachita so pa mabulauzi yonse siizakwana."

"Nipaseni sabata."

"Sabata chabe. Ngati yakanga, bazapeleka kwina, na ine nizaluza."

Ba Judith anayesa maluwa. Anatengera duwa la pabeseni lawo lochapira, kenaka la pa nsalu ya patebulo ya mnansi wawo. Koma duwa limafuna mitundu, lofiira pano, lobiriwira apo. Ndi ulusi umodzi wagolide linkangooneka ngati chigamba. Komanso tsamba lililonse linkafuna kudula ulusi ndi kuyambanso, ndipo podula paliponse pankatsala mfundo yokanda pakhungu. Pofika tsiku lachitatu anali atadziwa bwino chimene akufuna, ngakhale sankadziwa maonekedwe ake. Chinafunika kukhala cha mtundu umodzi, chosadya ulusi, chosalemera pa nsalu yopepuka, ndiponso chozungulira khosi.

Masana a tsikulo Ba Nkole anamenya lata, ndipo Ba Judith anatuluka m'kona mwawo kukakhala pachidebe panja. Atamaliza kuwotcherera, Ba Nkole anayamba kupinda zitsulo za windo lina. Ankayamba wajambula windolo ndi choko pa simenti. Kenaka ankalowetsa nsonga ya chitsulo chopyapyala pakati pa tizikhomo tiwiri, n'kuchikoka mozungulira mpaka chitapota ngati chigoba cha nkhono. Ankapota mbali zonse ziwiri, ina kumanja ina kumanzere, n'kuchigoneka pa mzere wa choko pafupi ndi chinzake, misana itatsamirana. Ba Judith anali ataona zimenezi tsiku lililonse osaziganizira. Tsikulo anaona kuti m'felemumo malo ambiri ndi opanda kanthu, komabe windolo likuoneka lodzaza.

"Ba Nkole, nichifukwa chani simufaka visulo vambili?"

"Chisulo chadula, mayo. Ukafaka vambili sungagulise. Ufaka pang'ono, koma upinda kuti viwoneke monga ni vambili."

Ba Judith analowa m'kona, natenga pepala limene Ba Sampa anadulira khosi la bulauzi, naliyala pa simenti.

"Jambulani vamene ivo mozungulila apa."

Ba Nkole anaseka. "Mufuna kuchingiliza bazimai kuli bakawalala?"

Anajambulabe. Zake zinatuluka zazikulu, ndipo popeza anazolowera mawindo a makona anayi, pokhota khosi nkhonozo zinkagundana mkati n'kutalikirana kunja. Anafufuta ndi phazi, nayesanso, kenaka anati ali ndi geti yoti amalize, napereka chokocho kwa Ba Judith.

Ntchito yotsalayo inawatengera masiku onse amene anapempha. Mapepala anatola kwa omanga nyumba, matumba a simenti otha, nasankha pepala la pakati lomwe silikhudza simenti. Anapeza kuti pokhota, nkhono za mkati ziyenera kuchepa ndipo zakunja zikule, komanso kuti zapakati zitalike kutsikira pachifuwa, pamene zakumapewa zizinka zichepa mpaka kutha. Dzanja lawo silinkatha kujambula mbali ziwiri zofanana. Choncho anapinda pepalalo pakati, najambula theka lokha, nachotsa ulusi pa singano ya makina, n'kuyendetsa pepalalo motsata mzere kuti singano ibowole timabowo mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Atalitambasula, khosi lonse linalipo. Poika chojambulacho pansalu, ankayala pepalalo pamwamba n'kupukutira choko chopera chimene anamanga m'kansanza, ndipo timadontho toyera tinkatsala pansalu yobiriwirayo.

Chovuta kwambiri chinali njira ya ulusi. Ba Nkole zitsulo zake zikakumana amangowotcherera, koma ulusi ukadulidwa umasiya mfundo. Ba Judith ankatsata mizereyo ndi kamtengo ka machesi, kufuna njira yolowera m'nkhono ndi kutulukamo osadumpha. Anaipeza pogwiritsa ntchito bondo. Polowa ankayenda ndi msoko woonda, akafika pakati pa nkhono n'kubwerera pamwamba pa msoko womwewo ndi wotambasuka, wonenepa pamimba pa nkhono, woonda kunsonga. Motero khosi lonse linkapetedwa ulendo umodzi, kuchokera paphewa lina kukafika linzake. Pansi pa nsalu ankayala pepala lomwelo la simenti, akamaliza n'kuling'amba, ndipo nsalu inasiya kukwinyika.

Zoyesera zina zinakanika. Nkhono zikachepa kwambiri ulusi unkaunjikana pakati mpaka singano kuthyoka. Anayesera pa zidutswa za malaya akale a Ba Josiah mpaka zinatha, ndipo pomaliza anapeta pa nsalu yeniyeni.

Ulendo uno Ba Sampa anawatenga kuti apite limodzi. Anakwera minibasi, natsika, nayenda pansi mpaka pageti yaikulu yakuda. Ba Kasoma anawalandirira pakhonde, ali ndi mng'ono wawo. Anatenga chidutswacho, nachitembenuza, nachiika pachifuwa, nalowa nacho m'nyumba kukadziona pagalasi. Anakhalitsako ndithu.

"Iyi ilikoko," anatero atabwera, kusonyeza kuti aikonda. "Koma mufakeko na kumanja, pang'ono chabe."

Mng'ono wawo uja anachiyang'ana, kenaka anatembenukira kumawindo a nyumbayo.

"Sisi, simuona? Ifanana na mawindo yanu."

Onse anayang'ana mawindowo. Ba Sampa anaponda Ba Judith paphazi kuti asayankhe, koma iwo anali atayamba kale.

"Ndiye kwamene ninachosa," anatero. "Nisebenzela mu shedi ya bowochelela."

Ba Kasoma anayang'ananso chidutswacho, ndipo Ba Judith anaganiza kuti ntchito yapita. Kenaka mayiwo anapinda chidutswacho nachipereka kwa Ba Sampa.

"Yamene iyo ya mawindo. Muyambeko mailo."

Dzinalo linakakamira. Kuyambira pamenepo aliyense woifuna ankati ya mawindo.

Mawa lake anayamba, koma kumaliza mabulauziwo sikunayende bwino kwenikweni. Magetsi ankazimazima, nthawi zina tsiku lonse. Ba Nkole anaimitsa geti yake masiku angapo kuti makina asamaime, mwini getiyo n'kumabwera kudzakalipa. M'mawa wa tsiku la phwando, bulauzi imodzi inali isanapetedwe kumanja. Mwini wake anaivala choncho, atakwiya, ndipo sanasoketsenso kwa Ba Sampa. Koma paphwandopo panali azimayi ambiri, ndipo sabata yotsatira awiri anafika pamsika wa Mtendere akufunsa telala wa Ba Kasoma.

Zaka zingapo zotsatira ndizo zinali zabwino. Sanalemere, koma zitumbuwa anasiya, Anna anamaliza sukulu, ndipo nyumba ija anaipaka simenti pansi. Ba Sampa ankadula ndi kusoka, Ba Judith n'kumapeta khosi ndi manja zisanalumikizidwe. Anaphunzira kuti chojambula chimodzi sichikwanira aliyense. Mayi wathupi ankafuna nkhono zazikulu ndi zotalikirana, apo ayi zinkasowa pachifuwa pake. Mtsikana wochepa thupi zomwezo zinkamumeza. Nsalu yoterera inkafuna msoko woonda kuposa ya thonje. Amuna nawo anayamba kufuna pa malaya awo a chitenje, ndipo kwa iwo anakonza kamzere kopapatiza kotsika ndi mabatani. Anasiya kuopa pensulo. Akamayenda m'misewu ya kumayadi ankaima pamageti a anthu n'kumayang'ana, mpaka alonda kuwafunsa chimene akufuna.

Sizonse zimene anajambula zinakondedwa. Ina anatengera ku nsonga zonga mikondo zimene Ba Nkole ankaika pamwamba pa mageti. Anaikonda kwambiri iwo eni, chifukwa inali yovuta kupeta ndipo inatuluka yaukhondo. Azimayi ankaigwira n'kuibweza. Mmodzi ananena poyera kuti sangavale mikondo yoloza kukhosi kwake. Palibe anaitenga, ndipo chidutswacho chinathera pa kupukutira mafuta a makina.

Mu 1995 mvula inavuta kum'mawa. Ba Josiah anabwera nthawi yokolola monga mwa masiku onse, koma ali ndi kathumba ka mtedza kokha. Anakhala mwezi. Masana ankapita kushedi n'kukhala pachidebe kuonerera akazi awo akupeta. Anaona kuti mpando wawo ukugwedera, naukhoma. Pobwerera kumudzi, Ba Judith anawagulira matumba a ufa ndi mbewu, nawaperekeza kukakwera basi. Za kugulitsa makina Ba Josiah sanazitchulenso.

Chaka chisanathe chiyambire ya mawindo, inali itayamba kuoneka kwina. Ba Sampa anaipeza itapachikidwa pa shopu ina ku Kamwala, kenaka pamsika waukulu wa m'tauni. Ba Judith anapita kukaona okha. Ena anaitengera bwino. Ena ankadula ulusi pa nkhono iliyonse, msoko uli wofanana paliponse, n'kumagulitsa motchipa. Anaima patsogolo pa shopu ya telala wina nthawi yaitali, mwini wake n'kuwafunsa ngati akufuna kusoketsa yotere. Anabwerera ku Kalingalinga mtima ukuwawa, ndipo tsikulo sanapete.

"Yanganani msewu uyu," anatero Ba Nkole atamva. "Geti ija ya nkhono zibili pamwamba, ninayamba ndine. Manje ili pa shedi iliyonse."

"Simukalipa?"

"Ninakalipa chaka chimozi. Sivinanipase kanthu. Manje nipanga chabe ina."

Ba Judith sanaleke kukwiya msanga choncho, koma anapanga ina, kenaka inanso. Ankadziwa kuti iliyonse ili ndi miyezi yochepa isanafike ku Kamwala. Makasitomala ena ankapita kotchipa, ena ankabwerera atachapa bulauzi kawiri n'kuona ulusi ukusomphoka.

Ba Sampa anayamba kudwaladwala mu 1997. Zaka zimenezo maliro anali ambiri m'makomboni, ndipo anthu sankafunsana kuti wadwala chiyani. Anaonda, anasiya kupita kumsika, ndipo Ba Judith ankamutengera nsalu kunyumba kuti azidulira pamphasa. Kenaka lumo linayamba kumulemera. Anamwalira mvula isanagwe. Abale ake anabwera kuchokera kumpoto, natenga ana ndi makina ake.

Imfayi inawabweza m'mbuyo Ba Judith. Iwo sanaphunzirepo kudula diresi, ndipo makasitomala onse ankadziwa Ba Sampa, osati iwo. Anasokerera zidutswa za zojambula zawo zonse pa nsalu imodzi yaitali, n'kumayenda nayo m'misika ya Mtendere, Kalikiliki ndi Chawama, kuonetsa matelala. Ena ankaiyang'anitsitsa kuti atengere, n'kunena kuti adzawaitana. Ochepa anayamba kuwatumizira makosi a madiresi. Ntchito inapitirira, koma sinabwerere pamene inali.

Maso anayamba kuwavuta atadutsa zaka makumi anayi ndi zisanu. Timadontho ta choko tinkasakanikirana, ndipo ulusi wagolide unkawathobwa. Magalasi a kuchipatala anathandiza kwa kanthawi. Tsiku lina singano inawalowa pachala n'kuthyokera momwemo, chinthu chimene sichinawachitikirepo ngakhale ali wophunzira. Nthawi yomweyo m'tauni munali mutafika makina oyendera kompyuta, opeta okha munthu atangoima pambali. Anna, amene tsopano anali mphunzitsi ndipo anakwatiwa ku Mtendere, anawatenga kuti akaone. Anaonerera khosi lonse likutha iwo asanatope n'kuima. Analigwira, naliyang'ana pafupi, ndipo anati ntchitoyo ndi yabwino, palibe chonena.

Makina awo anagulitsa kwa Ba Chisala a ku Chawama, bambo wosoka mbendera za mipingo ndi mikanjo ya abusa. Bamboyo anapempha kuti amuphunzitse asanawanyamule, choncho ankabwera kushedi m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu. Manja anali nawo abwino, koma ankafulumira. Mapepala a simenti aja anamupatsa onse, kupatula amene anali atang'ambika m'mabowo. Tsiku lonyamula makinawo Ba Judith sanapite kushedi. Anatuma Anna. Ba Nkole anasiya malata aja mmene analili, m'konamo n'kumasungiramo penti.

Chaka chimenecho, mvula itayandikira, Ba Judith anapita ku Katete, akunena kuti akukangoona. Anapeza Ba Josiah atamanga nyumba ya njerwa zowotcha kumapeto kwa mudzi, patali pang'ono ndi alongo awo. Anakhala mpaka kukolola. Kuyambira pamenepo chaka amachigawa pawiri. Dzinja amakhala kumudzi, chilimwe amabwera kwa Anna ku Mtendere ndi matumba a mtedza, n'kumagulitsa pageti m'timbale. M'nyumba ya ku Kalingalinga muli alendi. Ba Josiah anasiya kubwera ku Lusaka, amati basi imawathyola msana.

Chaka chino Ba Judith akuti abwerera kumudzi msanga, mtedza uthe usathe, chifukwa Ba Josiah mwendo ukuwavuta ndipo munda sunasosedwe.